Mbiri ya moyo wanga, gawo 6: Kuphunzira randa ku Ndirande

M'gawo lapitalo ndinakuuzani mmene ntchito ya muofesi inandithera kumapeto kwa 2023, nthawi imene ndalama ya kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti. Tulo tinandithawa. Ndikagona, mutu unkangowerengera lendi, fizi ya mwana ndi mtengo wa thumba la chimanga.

Malume ndi amene ananditengera kwa mmisiri wina wa matabwa ku Ndirande, chakumsika. Madalawo sanapondeko ku sukulu ya ntchito zamanja ya Soche Technical, satifiketi ya bungwe loona za maphunziro a ntchito zamanja la TEVETA alibe, koma chitseko chimene apanga chimatsekeka bwinobwino ngakhale nthawi ya dzinja, pamene matabwa amafufuma ndi chinyezi.

Anandiyambitsa ndi paini wa ku Chikangawa, chifukwa ndi wofewa ndiponso wotchipa. Mlombwa ndi mbawa sankalola kuti ndizikhudze, poti matabwa amenewa akusowa ndipo mtengo wake ndi woboola m'thumba. Anandipatsa randa, chida chopalira matabwa, nkunena kuti, "Mwanawe, yamba wayang'ana kumene mizere ya thabwa ikulowera. Ukapala mopikisana nayo, thabwa limanyotsoka."

Apa ndi pamene ndinapeza chimene sindinkachiyembekezera nkomwe. Randa salola kuti maganizo akhale kwina. Dzanja lakutsogolo limapsinja poyamba, lakumbuyo limapsinja pomaliza, miyendo ndiyo imakankha. Khutu nalo lili pantchito: mpeni wa randa ukakhala wakuthwa umalira mosalala, ukabuntha umakhwekhwereza, ndiye umautulutsa nkukaunola pamwala wothira mafuta. Kenako umayika sikweya, chida choyezera ngati thabwa lawongoka, pathabwapo, kutsinzina diso limodzi, kuona ngati kuwala kukudutsa pansi pake. Pofika masana ndinkazindikira kuti m'mawa wonse sindinaganizeko za lendi. Ngongole inalipobe, inde, koma mtima unkagunda mwakachetechete. Magetsi akazima, anzathu a makina ankakhala pansi kumasewera bawo, ife ntchito ili mkati.

Tsiku lina munthu anabweretsa kabati yakale kuti tiikonze. Madala atangopalako pang'ono, fungo lokoma linadzaza shedi yonse. Unali mkungudza wa ku Mulanje, mtengo umene chiswe sichiudya, womwe pano watsala pang'ono kutheratu kuphiriko chifukwa chodulidwa mwachisawawa. Anandiuza kuti ndisese zopalidwazo padera, akaziike m'sutikesi ya zovala.

Mpando wanga woyamba unagulidwa ndi mayi wina wogulitsa tomato. Zakutsutsana mtengo ndi mayiwo ndidzakuuzani m'gawo lotsatira.