Mpeni wachinayi wapirira

Mpeni wachitatu womwe ndinasula ndekha unathyoka Loweruka lapitali. Ndinatema nawo chipika chouma kawiri, kachitatu ndinangomva kuti thyo, nsonga ili apo. Zinandiwawa, poti ndinatha masiku asanu ndikuusula ndi kuupala ndi tupa. Nditayang'ana pothyokapo, m'kati munali timibulu tikulutikulu tonyezimira ngati shuga. Chitsulo chokhwima bwino chikathyoka chimaoneka chosalala, chotuwa ngati phulusa losefa. Ndiye kuti ndinachiwotcha mopyola.

Chinandinamiza ndi dzuwa. Masana, pomwe diso likuona ngati chitsulo changoyamba kufiira, chimakhala chitapsa kale kwambiri. Wachinayiwu ndinadikira chisisira.

Chitsulo ndi chomwe chija, sipuling'i ya galimoto yogula kwa ogulitsa zitsulo zakale. Masipuling'i ambiri otere amakhala a mtundu wa 5160 kapena wofanana nawo, carbon pafupifupi 0.6 peresenti ndi chromium pang'ono. Nditamaliza kusula ndinautenthetsa katatu n'kumausiya uzizire wokha pamphepo, ulendo uliwonse moto wocheperako, kuti timibulu tija tichepe. Gawo limeneli ndinkalidumpha kale, ndimaliona ngati kuwononga makala.

Pokhwimitsa ndinali ndi zida ziwiri: maginito a m'sipika yakale ndi mchere wa kukhitchini. Maginito amasiya kugwira chitsulo pa madigiri 770, koma apo sichinafike. 5160 imafuna cha m'ma 830. Mchere umasungunuka pa 801. Ndinawaza timibulu tingapo ta mchere pampeni, nditaona tanyowa n'kuyamba kuyenderera, ndinapukusa mvukuto pang'ono chabe, kenako mpeni wonse m'mafuta ophikira omwe ndinali nditawafunditsa kale. Utazizira ndinakhudzitsa tupa. Inangotsetsereka ngati pagalasi, osaluma, kusonyeza kuti mpeni wakhwima.

Kuti ufewe pang'ono usamathyoke msanga, usiku womwewo unalowa mu uvuni wamagetsi, madigiri 200, maola awiri, n'kuzizira, n'kubwereranso maola ena awiri. Unatuluka ndi mtundu wa udzu wouma. Ukafika pa mtundu wa buluu, cha m'ma 300, ndiye kuti wafewa mopyola pa mpeni wodulira.

Mnzanga wa ku Johannesburg amandikopa ndi MagnaCut, chitsulo chosachita dzimbiri chomwe katswiri wa zitsulo Larrin Thomas anakonza n'kutuluka mu 2021. Ndimachisirira ndithu. Koma chimafuna madigiri pafupifupi 1,120 osasunthasuntha, m'ng'anjo yamagetsi, mpeni utakulungidwa kuti mpweya usaukhudze. Pamakala ndikhoza kungochiwononga, ndalama n'kupita pachabe.

Dzulo ndinauyesa mpeni wachinayiwu. Ndadula nsungwi zouma zisanu ndi chingwe cha khonje mpaka dzanja kutopa, ndipo ukumetabe ubweya wa pamkono. Chipika chija ndachitemanso kakhumi, kukamwa kwake sikunabenthuke.

Chotsala n'chakuti wapindika pang'ono chakunsonga, mwina ndinaulowetsa m'mafuta mopendekera. Mawa ndiupana pakati pa zitsulo ziwiri zowongoka n'kuubweza mu uvuni ola limodzi, kenako ndiyambe kusema chigwiriro cha mlombwa.