Za bearing yomwe inawotcha mtedza

Poti ena mwayamba kale kundiitana "Amisiri a Chiwaya" pa WhatsApp, imvani kwa mwini wake musanawonjezere mchere.

Shafiti ya chigayo chomwe ndinakamangako bearing ndi ya 70 mm, bearing yake 22216 EK ya C3 (ya mpata wokulirapo mkati), yokhala pa sleeve ya H316, kapaipi kotsetsereka kogwiritsa bearing ku shafiti. Ntchito ndimaidziwa, abale. Usanamange, umalowetsa feeler gauge, timalata topyapyala toyezera mpata, pakati pa rola yapamwamba ndi ring'i yakunja, upeza mpata wa 0.10 mm kapena pamenepo. Ukamakhwimitsa nati ya KM16, bearing imakwera pa sleeve, ring'i yamkati imafutukuka, mpata uja nkumachepa. Ukachotsapo 0.04 mm, kutsala ngati 0.06, waima, nkupinda dzino la washala kuti nati isabwerere. Mpata wotsalawo ndi woti zitsulo zikatentha zipeze potupira.

Koma feeler gauge yanga anabwereka mlamu wanga kukasetera mavalavu a njinga yamoto, ndipo mpaka lero "ikubwera mawa". Ndiye ndinadalira dzanja. Hamala pa hook spanner, sipanala yokhwimitsira nati ija, kho! kho! Mwana wophunzira ntchito akuti, "Bwana, shafiti ikulimbatu potembenuza." Ine nkumuyankha kuti bearing yatsopano imatero. Inde, ndinatero ndi pakamwa pangapa.

Mabawuti a M12 a pachivundikiro cha housing, bokosi lomwe bearing imakhalamo, amafuna 80 Nm, kumanga mosinthanasintha, pang'onopang'ono. Torque wrench, sipanala yomwe imalira bawuti ikakhwima mokwanira, inalira kuti tha! ine ndinaona ngati ikundinyoza, ndinawonjezera ndi chipaipi. Girizi ndinadzaza thothotho, pomwe m'housing safunika kufika ndi theka lomwe. Akachuluka amangopondedwa ndi marola, nkumawonjezera kutentha.

Titaliza, mphindi zoyamba zinali bwino. Kenako fungo. Ndinalavulira pa housing, malovu anati tsiii, kuvina, kusowa. Ndinalavulanso, ngati kuti oyamba aja ananama. Azimayi odikira kugayitsa anasiya macheza nkumandiyang'ana mmene ndimalavulira makina a eni. Mpaka kachitatu. Apa ndi pomwe gogo wina anamasula mfundo ya chitenje, nkuika mtedza usanu pamwamba pa housing, ndi kumautembenuza ndi chala modekha ngati ali pakhomo pake. Anandipatsako umodzi. Ndinalandira ndi manja awiri. Unali wopsa bwino, pamenepo sindinganame.

Titamasula, marola anali abuluu, girizi wasanduka phala lakuda, sleeve yakakamira pa shafiti moti tinachita kudula ndi grinder. Mwini chigayo sanandikalipire, anangofunsa ngati mchere abweretse ndi iwo kapena ndili nawo kale m'bokosi la masipanala.

Zoti ndinkagulitsa mtedzawo ndi bodza la Che Mlamu. Omwewo a feeler gauge.