Miyezi inayi kuti Phee asiye kundithawa

Dzulo madzulo kalulu wanga Phee anadzigwetsa cham'mbali pafupi ndi phazi langa, miyendo tambalale, maso atatsinzina pang'ono. Ndinadzidzimuka poganiza kuti wakomoka, kenako ndinaona kamimba kakupuma bwinobwino. Kalulu sagona chonchi pafupi ndi chinthu chimene akuchiopa. Zanditengera miyezi inayi kufika apa, ndipo ikanakhala iwiri chabe pakanapanda tsiku limodzi lomwe mpaka lero likundiwawa mumtima.

Ndinamutenga mu Julaye kwa anthu ena omwe ankasamuka pa lendi moyandikana nafe. Anzake onse anali atathera mumphika, uyu anatsala chifukwa anali wowonda, makutu ali nkhanambo zokhazokha. Ankakhala m'kakhola ka waya koti sangatembenukemo, ndipo ana a pamenepo ankamunyamula makutu n'kumamuzunguza. Dzina loti Phee anamupatsa ndi mwana wanga, chifukwa masiku atatu oyambirira anangoti phee pakona, osasuntha.

Za khola sindinena zambiri. Ndinamuika m'kachipinda kosungiramo katundu, pansi ndinayala mphasa yakale poti simenti imamuterera, n'kuikamo katoni yoboola mbali ziwiri. Mbali ziwiri, chonde. Katoni ya khomo limodzi kalulu amaiona ngati msampha.

Chimene chinagwira ntchito ndi ichi: khalani pansi, ndipo musamugwire. Basi. Kalulu ndi nyama yodyedwa ndi zinzake, adani ake monga mphamba amachokera kumwamba, choncho munthu woimirira amene akutambasula dzanja kuchokera pamwamba, kwa iye ndi imfa imene ikubwera. Ine ndinkalowa m'mamawa dzuwa lisanatuluke komanso chakumadzulo, nthawi zimene akalulu amakhala maso, n'kukhala pamphasa ndikusankha nyemba m'lichero, osamuyang'ana n'komwe. Masiku oyamba ankamenya pansi ndi miyendo yakumbuyo, gu! gu! kuchenjeza kuti kwabwera zoopsa. Pa sabata yachiwiri anasiya. Pa sabata yachitatu anatuluka m'katoni, khosi atalitalikitsa, n'kudzanunkhiza chitenje changa. Dzanja limayabwa kufuna kumusisita, koma ndinadzigwira. Amayi anga atabwera kudzationa anandipeza ndili khale pamphasapo, n'kungoti, "Mwanangu, kuona maso a nkhono n'kudekha."

Ndiye panabwera nkhani ya makutu. Ankapukusa mutu ndi kudzikanda mpaka magazi, ndinadziwa kuti sindingadikirenso. Ndinaimba foni kumalo ena oona za ziweto kufunsa ngati dokotala angabwere kunyumba, kapena ndingofotokoza n'kugula mankhwala. Anati ayi, bwerani nacho chiwetocho mawa 8 koloko, adokotala adzakhalapo. Ndinapempha tchuthi kuntchito. Kuti Phee alowe m'katoni yotseka ndinachita kumunyengerera ndi masamba pafupifupi ola lathunthu, poti sindinafune kumuthamangitsa. Mu minibasi kondakitala ankafuna katoniyo aiponye kumbuyo pamodzi ndi matumba, ndinakana n'kulipira mpando wachiwiri. Wailesi ili pamwamba, mabampu, fungo la dizilo, ine ndikumva kanyama kakunjenjemera pamiyendo panga.

Tinafika 8 isanakwane. Anandilipiritsa ya kadi, n'kundiuza kuti ndikhale pabenchi. Pabenchi pomwepo panali agalu awiri, mmodzi akuuwa mosalekeza, mphuno ili pakatoni yanga. Ndinapempha malo ena, anati kulibe. 10 koloko, zii. 12 koloko ndi pamene wina anandiuza kuti adokotala apita kumudzi kukabaya agalu katemera wa chiwewe, ndipo anadziwa kale dzulo lake kuti adzapita. Nanga amene anayankha foni uja analekeranji kunena? Ndalama ya kadi anati sabweza.

Chimene sindidzaiwala chinachitika cha m'ma 2 koloko. Mnyamata wothandizira anati aone yekha. Ndisanatsegule pakamwa, anapisa dzanja m'katoni n'kumutulutsa Phee atamugwira makutu omwe aja a zilonda, thupi lili lendee. Phee analira. Anthu ambiri sadziwa kuti kalulu amalira, ndi kulira kwakuthwa ngati kwa khanda, ndipo amatero pokhapokha akamva ululu waukulu kapena akachita mantha oopsa. Ndinakuwa, "Achimwene, mutsitseni!" Iye anangoseka, amvekere, "Mayi, kalulu timagwira chonchi, si ndiwo iyi?" Kenako anayamba kumatula nkhanambo ndi chikhadabo. Ndinamulanda, n'kutuluka osalandira mankhwala alionse. Kalulu akapalapata ali m'malere angathe kuthyoka msana, mafupa ake ndi opepuka pomwe miyendo yakumbuyo ndi yamphamvu. Ngati n'kofunikadi kumunyamula, dzanja limodzi likhale pansi pa chifuwa, lina ligwirize matako, thupi lake litsamire pa inu. Makutu ayi.

Titafika kunyumba analowa m'katoni yake ndipo sanadye usiku wonse. Ine sindinagone, chifukwa kalulu akakhala maola 12 osadya kapena osachita chimbudzi, matumbo amaima ndipo angafe. Kunja kukucha ndinamva kachikukutu, akudya tsamba la kholowa. Koma ine ankandithawa kuposa tsiku loyamba. Ntchito ya masabata atatu inathera pabenchi paja.

Makutuwo anachira chifukwa cha mlangizi wina wa ziweto yemwe mnzanga wa kutchalitchi anandilozera. Bambowa anabwera kunyumba panjinga, anagwada pansi, anamufunditsa Phee thaulo, n'kumubaya jekeseni wa mankhwala otchedwa ivermectin. Anabweranso kawiri, motalikitsa masabata awiri. Anati ndi tinthata ta m'makutu, ndipo nkhanambo zisamatulidwe, zimayoyoka zokha tizilomboto tikafa. Zinayoyokadi. Anandichenjezanso zinthu ziwiri zomwe ndikufuna aliyense amve: mankhwala a utitiri a agalu okhala ndi fipronil, monga Frontline, amapha kalulu, ndipo amoxicillin wakumwa, yemwe ambiri timasunga m'nyumba, amamuononga m'matumbo. Mukafuna dokotala, funsani kaye pafoni ngati anagwirapo kalulu, ndipo limbikirani kuti abwere kwanu.

Ndaiwala za chakudya, chomwe chinandithandiza kuyambiranso. Eni ake akale ankangomupatsa madeya ndi nsima yotsala. Kalulu amafunika udzu, wambiri, tsiku lonse, chifukwa mano ake amakula moyo wake wonse ndipo udzu ndi umene umawaperepesa. M'chilimwe udzu wauwisi umasowa, ndiye ndinkamupatsa wouma bwino wopanda nkhungu ndi masangwi a mtedza, koma ndinasintha pang'onopang'ono kuti asatsegule m'mimba. Chisoso ndinkakapempha kudimba komwe sanapopere mankhwala, ndipo ndi chimene amachikonda koposa. Chisosocho sindinkachisiya m'mbale. Ndinkachiika patali ndi ine ngati mikono iwiri, mawa lake pafupi pang'ono, mpaka pabondo langa. Kanthochi kochepa ngati chala ndinkasungira masiku apadera okha, shuga wambiri si wabwino kwa iye. Mukadzamuona akudya timanyi take tofewa musanyansidwe kapena kumuletsa, ndi mmene thupi lake limapezera zofunika.

Ndibwerezenso: khalani pansi, musamugwire. Ana anga ndinawaletsa kulowa ali chiimire, ndipo alendo sindiwaonetsa n'komwe. Tsiku limene adzakulolani kumusisita, dzanja libwere cham'mbali pomwe akuliona, osati kutsogolo kwenikweni kwa mphuno, pamenepo saona bwino ndipo amadzidzimuka. Yambani pamphumi, kawiri katatu, n'kusiya iye asanatope. Kumusambitsa ayi, amadzisamalira yekha.

Mu Okutobala kutentha kunandiopsa, poti chipindacho ndi cha malata ndipo kalulu satuluka thukuta ngati ife. Ndinkaika botolo la madzi oundana lokulunga m'nsalu pafupi ndi katoni. Tsiku lina masana ndikusintha botololo, ndili chigwadire, anabwera yekha n'kukhuza chibwano chake pachala changa, monga amachitira ndi katoni yake ndi mbale yake. Ndinangoti duu, osapuma n'komwe. Patapita masabata awiri analowetsa mutu pansi pa dzanja langa, ndipo nditamusisita pamphumi ndinamva mano akugundana pang'onopang'ono, chizindikiro choti wakondwa.

Kumunyamula sindinayambebe, ndipo mwina sadzalola. Akamva galu akuuwa kunja amathamangirabe m'katoni, koma tsopano ndikakhala pamphasa n'kugwedeza chisoso, amatulukamo mphindi zisanu zisanathe.