Abusa athu ndi mpira wa achinyamata

Ndangochoka kumene ku bwalo ku Rosettenville kuno ku Johannesburg, komwe anyamata a mpingo wathu amasewera ndi timu ya mpingo wina. Pa nthawi yopuma abusa anandikokera pambali n'kundiuza kuti mpirawu ukuwabweretsera ana omwe ulaliki unalephera kuwakoka. Akuti mnyamata amene wathamanga Loweruka lonse sakhalanso ndi mphamvu zokasaka mankhwala ozunguza bongo otchedwa nyaope madzulo.

Ine ndili mbali ya abusa, ngakhale akulu a mpingo ena akudandaula kuti chopereka chikuthera pa mayunifomu ndi thiransipoti. Nanga ana athu obadwira kuno ku Johannesburg Chichewa angachiyankhulire kuti? Lero ndamva mwana wa achemwali anga akukuwa "patsira kuno iwe!" pakati pa bwalo. Tagonja ndithu, koma sabata yamawa malalanje a timu ndigula ndine.