Kachotupa kofiira pachikope cha mwana wanga

Lachitatu.

Usiku wathawu tulo sitinabwere. Ndinkangodzukadzuka kumusuzumira mwana pachikope chakumanzere. Atabadwa panalibe kanthu. Sabata yachiwiri panaoneka kadontho ngati walumidwa ndi udzudzu, ndipo lero, ali ndi masabata 7, katukuka kufika pa nsonga ya chala changa chaching'ono, kofiira piriwiri, kofewa, kofundirako ukakakhudza. Diso layamba kutsinzinira mbali imeneyo.

Kuchipatala adokotala anakayang'ana nthawi yaitali asanayankhule. "Mayi, iyi si khansa." Misozi inangotsika yokha. Anati dzina lake ndi hemangioma, timitsempha ta magazi tating'onoting'ono tochulukana malo amodzi. Zimagwira makanda 4 kapena 5 pa 100 aliwonse, makamaka atsikana ndi obadwa masiku asanakwane. Wanga anabadwa pa masabata 35. Ndinafunsa funso limene landidya mumtima mwezi wonse, ngati pali chimene ndinalakwitsa ndili woyembekezera. Anapukusa mutu. "Palibe, mayi. Musadziimbe mlandu."

Anandilongosolera kuti zotupa zotere zimakula mofulumira m'miyezi 5 yoyambirira, kenako zimaima, ndipo mwana akamakwanitsa chaka zimayamba kuphwa zokha pang'onopang'ono, kwa zaka zingapo. Kakanakhala pamsana, akanangoti tidikire. Koma pachikope sitingadikire, chifukwa diso likatsekeka pamene ubongo ukuphunzira kuona, limatha kufooka mpaka kalekale. Apa mtima wanga unagundanso, chifukwa ambiri ankandiuza kuti ndingokasiya, kadzatha kokha. Sankanama, koma sankadziwa za diso.

Anamuvula mwana n'kumufufuza thupi lonse, m'khosi, kumlomo, mpaka m'thewera. Zikapezeka zotupa 5 kapena kuposa, amaunikanso chiwindi. Wanga ali nako kamodzi basi. Atamuyeza sikelo ndi kumvetsera mtima, anamulembera propranolol wamadzi. Ndinadabwa kumva kuti ndi mankhwala a mtima. Mu 2008 madokotala a ku Bordeaux ku France anafotokoza mmene anamupatsira khanda lina chifukwa cha vuto la mtima, n'kuona chotupa chake chikuphwa mosayembekezera.

Anamumwetsa koyamba pomwepo, ndipo tinakhala maola 2 anamwino akumuyang'anira kagundidwe ka mtima. Anandibwerezera kawiri: ndizimupatsa akangoyamwa, chifukwa mankhwalawa amatha kutsitsa shuga m'magazi. Akamasanza kapena kukana bere, ndisamupatse. Akayamba kulira mluzu m'chifuwa, ndithamange naye.

Madzulo ano abambo ake anamugwira pachifuwa ine n'kujambula chikopecho ndi foni, chala changa chili pambali kuti tidzayerekeze sabata yamawa. Anatsegula maso onse awiri, lakumanzere pang'ono chabe, n'kuyang'ana kumene kumachokera mawu anga. Ndatchera alamu ya 6 koloko m'mawa, ndipo kajekeseni koyezera mankhwala ndakatsuka, kali patebulo.