Magalamu 60 a mkaka waufa, ine ndi alamu anga

Ena akugona tulo tabwino, ine ndili maso kuwerenga masupuni m'mutu. Nkhani yake ndi masikono basi.

Resipe ananditumizira ndi nsuweni wanga wa ku Joni pa WhatsApp, zonse zili m'magalamu, fulawa magalamu, majarini magalamu, mkaka waufa 60g, ndipo sikelo yanga batire inatha kalekale, kabatire kozungulira kaja, tsiku lililonse ndimati ndigula mawa. Ndiye ndaima m'khitchini ndi chitini cha Nido m'manja, alamu anga alowa, akuti vuto ndi chani, 60 ndi 60, thirani mpaka pa 60ml pa kajagi kaja nkhani yatha, amenewo ndi masupuni anayi.

Ndati ayi alamu, zimenezo zimatheka ndi madzi okha, madzi ndi omwe 1ml amalemera 1g, ufa ndi wopepuka, pakati pake pamakhala mpweya. Andiyang'ana. Akuti alamu, ine ndinayamba kuphika masikono inu musanadziwe kuyatsa mbaula.

Zandiwawa, sindinama. Zoona amatha kuphika ndipo sayeza chilichonse, dzanja lawo ndiye sikelo, koma nanga ine wopanda dzanja limenelo nditani.

Masamu ake ndi awa. Mkaka waufa wa full cream ngati Nido, kapu ya 240ml imalowa pafupifupi 128g, ndiye supuni yaikulu ya 15ml yosalaza ndi mpeni pamwamba ndi cha m'ma 8g. Magalamu 60 akhala masupuni 7 ndi theka, kapena tinene theka la kapu kuchotsako pang'ono. Masupuni anayi a alamu aja ndi 32g chabe, pafupifupi theka la zofunikazo! Komanso ukasintha mtundu zonse zasokonekera, wa skim (wochotsedwa mafuta) wa instant uja wamibulu yopepuka kapu yomweyo umangolowa ngati 68g. Ndipo ukatsindira ndi supuni, kapena chitini chakhalitsa chinyezi chalowa ufa waundana, umalowa wambiri kuposa wongowola bwinobwino. Kapu yakenso iti, m'nyumba muno muli makapu a tiyi, muli chikapu chapulasitiki chotungira madzi m'ndowa, onsewo alamu amangoti kapu.

Ndawafotokozera zonsezi mwaulemu ndithu, iwo akupukuta mbale yomwe inali youma kale. Kenako akuti ngati mkaka ukuchepa onjezerani Cremora. Apa ndiye ndangoseka, Cremora si mkaka alamu, ndi zoyeretsera tiyi, muli mafuta a zomera ndi glucose. Akuti zoyera ndi zoyera.

Chimene chikundisowetsa mtendere n'chakuti ndathira masupuni anga 7 ndi theka, kusalaza ndi mpeni imodzi imodzi ngati ndili mu labu, ndapita kukayankha foni pakhonde, pobwera chitini chili chotsegula ndipo supuni ili poti sindinaisiye. Masikono atuluka ofewa, pamwamba pofiirira bwino, ana alimbirana mpaka zinyenyeswa za m'thireyi. Alamu aluma imodzi, akuti mwaona, osanena kuti ndaona chani.

Kaya anawonjezera, kaya anatapamo, kaya anangothira mu tiyi wawo. Kufunsa ndikuopa, mawa tili limodzi ku chinkhoswe ndipo ndi iwo akundibwereka chitenje. Batire ija ndigula ndithu, mwina Lolemba