Kuphunzira kumvetsera achinyamata

Ndili m'chaka chachitatu cha maphunziro a ntchito yosamalira anthu pa yunivesite ina muno mu Lilongwe. Kwathu ku Kawale amandifunsabe kuti digiri imeneyi idzandidyetsa chiyani, koma ine mtima wanga uli pa achinyamata.

M'kalasi timaphunzira lamulo la 2010 loteteza ana, komanso kusintha kwa malamulo aakulu a dziko mu 2017 komwe kunakhazikitsa kuti aliyense wosakwana zaka 18 ndi mwana. Timaphunziranso kulemba mbiri ya mwana ndi kusunga chinsinsi chake.

Zinandilowa bwino poyeserera ntchito ku Chinsapo. Mtsikana wina wa Fomu 2, yemwe anasiya sukulu chifukwa cha mimba, anangokhala duu pa benchi, akupotokola m'mphepete mwa chitenje. Mayi amene ankandiyang'anira sanatsegule ngakhale fayilo. Anangoti, "Mwana wanga, wadya?" Mtsikanayo anayamba kulankhula atamwa thobwa.

Ndikanakonda mayunivesite atamatitumiza m'madera kuyambira chaka choyamba. Agogo a mtsikanayo sankadziwa n'komwe kuti boma limalola atsikana kubwerera kusukulu akabereka, ngakhalenso za nambala yaulere ya foni ya 116, yoimbapo mwana akafuna thandizo.